Agogo akatuluka pageti n'kumati akupita kwawo

M'nyumba zosungira okalamba muno mu Harare muli azigogo ambiri a kwathu ku Malawi, aja anabwera nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini. Ena tsopano akudwala matenda oiwalaiwala, aja a dementia. Mwa odwala 10, pafupifupi 6 tsiku lina amatuluka n'kusochera.

Osamalira amati agogo akungoyendayenda. Ine sindivomereza. Munthuyo ali ndi kumene akupita, kungoti malowo ndi a zaka 50 zapitazo. Dzuwa likapendeka mtima umawauza kuti aweruke, kapena akakwere basi ya ku Dedza. Ndiye matendawa amakonda kufufuta chilankhulo chophunzira ukulu. Chishona chimathawa, pamatsala Chichewa kapena Chiyao, ndipo nesi samva kuti mkuluyo akupempha chimbudzi, ali ndi njala, kapena mwendo ukupweteka. Akapanda kumveka amadzuka n'kumapita.

Apa ndiye pathu. Mukapita kukawaona, alembereni osamalira mawu ochepa a Chichewa, dzina la mudzi wawo ndi malo onse amene anagwirako ntchito, kaya ku Mbare, Highfield kapena pafamu ina. Akasowa, kufufuza kuyambire kumeneko, komanso ku Mbare Musika ndi ku Roadport kokwerera mabasi. Sokererani kansalu ka dzina ndi nambala ya foni m'kati mwa jekete, chifukwa kapepala ka m'thumba amataya. Chithunzi chawo chatsopano chikhale mufoni.

Akamati "ndikupita kwathu", musawatsutse kuti kwawoko kulibenso munthu. Ingonenani kuti, "Agogo, basi ndi yamawa, tiyeni timwe kaye tiyi," kenako yendani nawo pabwalo mpaka mtima utsike. Funsaninso ngati kunyumba yosungira okalambako amawamangirira pampando kapena kuwamwetsa mankhwala ogonetsa. Zimenezi zimafooketsa miyendo, agogo n'kumagwa. Kusakhazikika kukayamba mwadzidzidzi, aonedwe ndi dokotala, nthawi zina amakhala matenda a m'chikhodzodzo.

Akasowa musadikire kuche. Uzani apolisi nthawi yomweyo, tumizani chithunzi pa WhatsApp ya kumpingo, kumzikiti ndi ya bungwe la maliro. Usiku wa mu Juni ndi Julaye kuno umazizira koopsa, ndiponso nkhalamba yopezeka pakhomo la eni m'bandakucha, ikuyankhula chilankhulo chachilendo, anthu sachedwa kuitcha mfiti.