Kadulidwe ka mapointi pa kaimidwe ka thupi pa mabaa: malamulo a FIG m'Chinyanja

Inu amene mukuphunzira ujaji wa jimnasitiki, makochi, ndi makolo amene mumadabwa kuti mwana sanagwe koma sikoo yatsika bwanji, nazi zimene buku la malamulo la FIG, lija amati Code of Points, likamba pa nkhani ya thupi pa ma uneven bars, mabaa awiri aja, ina yotalika mamita 2.55 ina 1.75. FIG ndi bungwe loyang'anira jimnasitiki pa dziko lonse, likulu lake lili ku Lausanne, ndipo bukuli amalikonzanso ikatha Olimpiki iliyonse. Manje tili m'buku la 2025 mpaka 2028, so musanakhale pa tebulo onani kaye kuti buku lanu ndi la chaka chiti chifukwa tinambala tina timasintha.

Kuyambira 2006 kulibenso sikoo yathunthu ya 10 ija imene Nadia Comaneci anapata pa mabaa omwewa ku Montreal mu 1976. Sikoo manje ili pawiri. D ndi ya kuvuta kwa zimene mtsikana wachita, amawerenga maluso 8 ovuta kwambiri kuphatikizapo lotsikira. E ndi ya kachitidwe, iyamba pa 10.0 ndipo ntchito yanu a jaji a E ndi kudula chabe: cholakwa chaching'ono 0.10, chapakati 0.30, chachikulu 0.50, akagwa 1.00 ndipo ali ndi masekondi 30 kuti akwerenso.

Yambani ndi zosavuta kuona. Mawondo kapena zigongono zikapindika dulani malinga ndi mmene zapindikira, ndipo mudule nthawi iliyonse zikachitika, osati kamodzi chabe pa rutini yonse. Miyendo ikatalikirana pang'ono osafika pa kutambalala kwa mapewa ndi 0.10, ikafika pa mapewa olo kupitirira ndi 0.30. Zala za kumapazi zikakhala zosasongoka, phazi lili lendelende, ndi 0.10. Akamenya baa ndi mapazi ndi 0.50, akalendewera chabe kuti apeze mphamvu popanda luso lililonse ndi 0.50 nayonso.

Pa handstand, kuima ndi manja pa baa miyendo m'mwamba, buku limakupatsani madigiri. Ganizirani mzere woongoka kuchokera pa baa kupita kudenga. Luso lotembenuka pa handstand likathera mkati mwa madigiri 10 kuchokera pa mzerewo palibe chodula, ndipo m'buku la 2022 mpaka 2024 kupitirira 10 mpaka 30 inali 0.10, kupitirira 30 mpaka 45 inali 0.30, kupitirira 45 inali 0.50. Nthawi yoyeza ndi pamene kutembenuka kwatha, dzanja lachiwiri lagwiranso baa. Musayeze pamene wangosiya dzanja, chifukwa atsikana ambiri amayamba ali tsonga bwino bwino koma pomwe dzanja likutera thupi limakhala latsika kale.

Manje apa ndi pamene pali nkhani. Madigiri ali ndi nambala, koma kaimidwe ka thupi mkati mwa handstand yomweyo kalibe nambala yoyezera. Mtsikana atha kufika mkati mwa madigiri 10 mapazi ake ali pa mzere ndithu, koma msana wapindikira kumbuyo, mimba yatuluka, mapewa sanatseguke, mutu wautulutsa kutsogolo ngati akufuna kuona pansi. Wina amafika chiuno chili chopindika, matako ndiye ali pa mzere mapazi atsalira. Onse awiri afika, onse awiri thupi silinaongoke, ndipo buku likuti dulani 0.10 olo 0.30. Nanga msana upindike bwanji kuti 0.10 isanduke 0.30? Apo ndi diso lanu, ndipo majaji awiri odziwa ntchito atha kuona handstand imodzi n'kulemba zosiyana popanda wina kubera.

Chimodzimodzi pa maluso owuluka, aja osiya baa n'kuigwiranso, ngati Jaeger ndi Tkatchev komanso potsika. Buku limasiyanitsa tuck, pamene mawondo ndi chiuno zapindika kuchepera madigiri 90, pike, pamene miyendo yaongoka koma chiuno chapindika kuchepera 90, ndi stretched, thupi lonse tambalale. Kulowetsa chifuwa pang'ono kapena kupindira msana pang'ono kumaloledwa pa stretched. Mau akuti pang'ono amenewo ndiwo amavutitsa maningi, chifukwa luso lomwelo likakhala stretched limalipira kwambiri kuposa pike, ndiye majaji a D akaona kuti chiuno chapinda kwambiri amalitsitsa n'kulitcha pike, akaliona ngati stretched inu a E mudula poti thupi silinali ndendende. Zonsezi zichitika m'kanthawi kosakwana sekondi mtsikana ali m'malere. Pa luso lotsikira lozungulira kawiri m'malere, akagwira miyendo ndi manja kuti azungulire ndi pike basi, apo palibe zokambirana.

Ine chimene ndimapempha majaji atsopano ndi ichi, muziweruza chimene thupi lachita osati mmene linabadwira. Pali atsikana amene mawondo awo amaongoka mpaka kupitirira, miyendo yawo imaoneka bwino olo atatopa, ndipo pali ena amene bondo limaoneka lotuluka ngakhale ataliumitsa ndi mphamvu zonse. Wamtali wa miyendo italiitali diso limamukonda msanga, wamfupi wa minofu diso limamufunira cholakwa. M'buku mulibe 0.10 ya kufupika. Yang'anani ntchafu ngati yalimba, yang'anani ngati bondo lasuntha kuchoka mmene linalili poyamba. Kumbukiraninso malo amene mwakhala, jaji wa mabaa amakhala cha m'mbali so madigiri amawaona bwino koma mpata wa pakati pa miyendo umabisika, ndiye musalembe chimene mukungoganizira. Bukulo limakamba poyera kuti mukakayikira, mwayi upite kwa wosewera.

Ndipo muyezo umene mwayamba nawo pa mtsikana woyamba mufike nawo kwa womaliza. Mukadula 0.30 pa msana wopindika m'mawa, musadzadule 0.10 pa msana womwewo madzulo chifukwa wavala yunifomu ya dziko lotchuka kapena anthu akuomba m'manja. Lembani chodula chilichonse pansi pa chizindikiro cha luso lake nthawi yomweyo, osadikira rutini ithe kuti muyambe kukumbukira.

FIG yokha idziwa kuti maso amasiyana, n'chifukwa chake pa Olimpiki ndi pa mpikisano wa dziko lonse amaika majaji a E 7, amataya masikoo awiri apamwamba ndi awiri apansi n'kutenga avareji ya atatu apakati. Kochi atha kudandaula za D kuti aionenso pa vidiyo, koma E sadandaula, mwalemba mwalemba. Makina a Fujitsu a makamera, amene anayamba kuthandiza pa mpikisano wa ku Stuttgart mu 2019, amayeza makona a thupi bwino, koma sikoo ya E ikadali m'manja mwa anthu okhala pa tebulo.

Kuti muone kulemera kwa 0.10 imodzi, onani fainolo ya mabaa ku Paris mu 2024. Kaylia Nemour wa ku Algeria ndi Qiu Qiyuan wa ku China onse anali ndi D ya 7.2. Nemour anapata E ya 8.5, Qiu 8.3, ndiye golide inapita ku Algeria ndi 15.700 pa 15.500, mendulo yoyamba ya jimnasitiki ya Africa pa Olimpiki. Kusiyana konse kunali 0.20, ndiye kuti tizolakwa tiwiri tating'ono, mwina bondo limodzi ndi handstand imodzi yothera pa madigiri 15.