Momwe mungalumikizire monita, kiyibodi ndi mawusi ku laputopu yokhala ndi mabowo ochepa

Malaputopu akunka nachepa thupi, ndipo choyamba kuchotsedwa ndi mabowo a m'mbali. Kale laputopu inkabwera ndi mabowo obayira monita a VGA ndi HDMI, pobayira chingwe cha intaneti komanso ma USB atatu kapena anayi. Lero ina ili ndi ma USB-C awiri ndi pobayira mahedifoni basi, monga MacBook Air ya 2020. Mukafuna kukhala patebulo ndi monita yaikulu, kiyibodi, mawusi ndi purintala, zonsezo ziyenera kudzera pa kachipangizo kogawa mabowo kotchedwa habu. Kulumikizako n'kwa mphindi zisanu. Pofunika kusamala ndi musanatulutse ndalama.

Yambani ndi bowo la laputopu yanu

Apa ndi pomwe ndalama za anthu zimathera. USB-C ndi dzina la kaumbidwe ka bowo chabe, silinena zomwe bowolo limatha kuchita. Mabowo awiri ofanana ndendende, lina limatulutsa chithunzi, kutchaja ndi kunyamula mafayilo, linalo limangonyamula mafayilo. Nthawi zina kusiyana kumeneku kumakhala pa laputopu imodzi yomweyo, lakumanzere likutulutsa chithunzi, lakumanja ayi.

Yang'anitsitsani pambali pa bowolo pamalo owala. Chizindikiro cha mphezi yokhala ndi kamuvi kunsonga ndi Thunderbolt, ndipo chithunzi chituluka. Chilembo cha D chokhala ndi P m'kati ndi DisplayPort, nachonso chithunzi chituluka. Mukaona SS yekha, kapena palibe chizindikiro, musaganizire. Tembenuzani laputopu, kopererani nambala yonse ya mtundu wake yomwe ili kunsi, mufufuze patsamba la kampani yomwe inaipanga. Mawu ofunika kuwapeza ndi DisplayPort Alt Mode, Thunderbolt 3, Thunderbolt 4 kapena USB4. Akalemba kuti "data only", bowolo silitulutsa chithunzi. Nambalayo ikhale yonse chifukwa malaputopu a dzina limodzi amasiyana m'kati malinga ndi chaka komanso mtengo.

Vutoli limanyenga motere: mwabaya habu, kagetsi kake kayaka, fulashi yaoneka, mawusi ikuyenda, koma monita ikungoti "No Signal". Munthu amati habuyo ndi yakufa, amakaibweza, amagula ina yodula, nayonso chimodzimodzi. Habu wamba sipanga chithunzi. Imangolandira chomwe laputopu yatumiza pa bowolo n'kuchisandutsa HDMI. Ngati opanga laputopu sanalumikize bowolo ku gawo lopanga zithunzi, palibe dilaiva (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) kapena pulogalamu ina yomwe ingakonze, ngakhale mutachotsa Windows n'kuikanso. Wokuuzani kuti "tingoifomata" akufuna ndalama zanu.

Bowo likakhala lotere, njira zilipo ziwiri. Ngati laputopu ili ndi HDMI yakeyake, monita ibayeni pamenepo, habu igwire zotsalazo. Ngati mulibe, funani adaputala yolembedwa DisplayLink. Imeneyi ili ndi kachipangizo kake kopangira chithunzi, imabayidwa pa USB wamba, ndipo imafuna dilaiva yake. Pa Word, Excel ndi intaneti imagwira bwino, koma pa magemu ndi pokonza mavidiyo chithunzi chimatsalira. Chenjerani ndi tiadaputala totsika mtengo tolembedwa "USB to HDMI" topanda dzina. Tina mukatibaya pa USB 2.0 timangopereka 800x600, zilembo zikuluzikulu ngati chikwangwani cha pamsewu.

Kenako suzumirani kuseri kwa monita

Mamonita ambiri a Dell ndi HP ogwiritsidwapo kale ntchito m'maofesi, omwe amapezeka motchipa m'mashopu a makompyuta, ali ndi VGA ndi DisplayPort koma alibe HDMI. VGA ndi ija yabuluu ya timabowo 15. DisplayPort imafanana ndi HDMI koma ngodya imodzi yokha ndi yodulidwa.

Zingwe zosinthira zili ndi kolowera ndi kotulukira. Chingwe cha DisplayPort kupita ku HDMI chimanyamula chithunzi kuchoka pa kompyuta ya DisplayPort kupita ku monita ya HDMI, mukachitembenuza sichigwira. Choncho ngati monita yanu ili ndi DisplayPort yokha, musagule habu ya HDMI n'kuyembekezera kuti chingwecho chikupulumutsani. Gulani habu yokhala ndi DisplayPort. Adaputala ya HDMI kupita ku VGA nayonso imayenda mbali imodzi, ndipo VGA sinyamula mawu. Ngati pali kusankha, VGA ikhale yomaliza chifukwa zilembo zimaoneka zofufuma, makamaka chingwe chikatalika. Monita ya DVI ndi yosavuta, chingwe wamba cha HDMI ndi DVI chimakwanira.

Kugula habu

Pa ntchito ya muofesi kapena ya kusukulu, habu ikhale ndi HDMI imodzi, ma USB-A atatu (ma USB wamba aakulu aja), ndi bowo la USB-C lolembedwa PD lolowetsera chaja. Bowo la PD ndi lofunika kwambiri ngati laputopu imatchajira pa USB-C yomweyo, apo ayi mudzakhala mukusankha pakati pa monita ndi chaja. Ngati mumagwiritsa ntchito intaneti ya chingwe, tengani yokhala ndi pobayira pake.

Werengani timawu tating'ono ta pabokosi. "4K" yolembedwa ndi zilembo zazikulu nthawi zambiri imatanthauza 4K pa 30Hz, ndiko kuti chithunzi chimasintha ka 30 kokha pa sekondi, ndipo pa 30Hz kamuvi ka mawusi kamayenda modukizadukiza. HDMI 1.4 imathera pamenepo, 4K pa 60Hz imafuna HDMI 2.0 ndi laputopu yoti ikwanitse. Koma ngati monita yanu ndi ya 1920x1080, monga zilili zambiri za mainchesi 22 mpaka 24, zimenezi zisakudetseni nkhawa. Musalipire ndalama zambiri chifukwa cha 4K yomwe simudzaigwiritsa ntchito.

Habu imadya nawo magetsi, zambiri zimatenga pafupifupi mawati 15. Chaja ya mawati 65 ikadzera mu habu, laputopu ilandira 50 kapena kuchepera. Ya mawati 45 ikadzeramo, Windows iyamba kudandaula kuti ikutchaja pang'onopang'ono, ndipo batire imatha kumatsika chaja ili chibayire. Mankhwala ake ndi chaja yamphamvu, osati habu ina. Dziwaninso kuti chingwe wamba cha USB-C chimathera pa mawati 60, kupitirira apo pamafunika cholembedwa 5A kapena 100W. Ndipo chingwe chotchajira foni, ngakhale chikulowa bwinobwino, kawirikawiri sichinyamula chithunzi.

Mitengo imasintha ndi kwacha, ndiye funsani mashopu atatu. Chachikulu, nyamulani laputopu yanu mukaiyesere pomwepo pa monita yawo. Wogulitsa wokana kuyesa, kapena wa pa Facebook wofuna mutumize ndalama kaye, msiyeni. Pali mahabu olembedwa mayina a makampani otchuka koma opepuka ngati chibokosi cha machesi, ndipo ena ma USB awo ndi abuluu ngati USB 3.0 yothamanga, koma kungopaka mtundu, m'kati ndi USB 2.0 yochedwa. Koperani fayilo yaikulu kuchoka pa fulashi yabwino muone liwiro. Habu yachitsulo kufunda pogwira ntchito si vuto.

Kulumikiza

Bayani chaja mu habu, chingwe cha monita mu habu, kenako habu mu laputopu. Yatsani monita, ndipo ndi batani lake sankhani kolowera koyenera, HDMI kapena DisplayPort. Mamonita ena akale sadzisankhira okha, ndipo "No Signal" wina amachokera apa.

Pa Windows dinani batani la Windows ndi P pamodzi, musankhe Extend kuti masikirini awiri akhale ngati tebulo limodzi lalitali. Duplicate ndi yoonetsera anthu pa pulojekita. Pitani ku Settings, System, Display, mukokere timabokosi 1 ndi 2 monga masikirini akhalira patebulopo, apo ayi mawusi izitulukira mbali yolakwika. Pomwepo onani kuti resolution, kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi, ili pa yomwe yalembedwa Recommended. Chithunzi chikakana kubwera, dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B, sikirini iphethira kamodzi dilaiva ya zithunzi ikuyambanso.

A Mac adziwe kuti MacBook Air yokhala ndi purosesa ya M1 imalola monita imodzi yokha yakunja. Habu ya ma HDMI awiri ingoonetsa chinthu chimodzi pa onse awiri, pokhapokha ikhale ya DisplayLink.

Zotsalazo

Kiyibodi ndi purintala bayani paliponse. Mawusi yopanda chingwe ikamadumphadumpha, kachitsulo kake kobaya pa USB kali pafupi kwambiri ndi chipangizo cha USB 3.0, chomwe chimasokoneza mafunde a 2.4GHz. Kasamutsireni pa bowo la USB 2.0, kapena pa kachingwe kowonjezera.

Hadidisiki yakunja ikamalira "tiki tiki" n'kumazimiririka, magetsi akuichepera. Bowo la USB 3.0 limapereka 900mA, ndipo pa habu yopanda chaja zipangizo zonse zimagawana zomwezo. Ibayeni mwachindunji pa laputopu. Musazule chaja pa habu mafayilo akukopeka, habu zambiri zimathima kaye kwa kamphindi.

Mawu akasowa, athawira ku monita yopanda masipika. Dinani kachizindikiro ka sipika pansi kumanja muwabwezere ku laputopu.

Kuti muzigwira ntchito laputopu ili chitsekere, lowani Control Panel, Power Options, "Choose what closing the lid does", musankhe Do nothing pa mbali ya Plugged in yokha, kuti isamakhale chiyakire m'chikwama. Monita ndi chaja zonse zikhale pa ekisitenshoni yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo akathima zimitsani pakhoma mpaka atabwera n'kukhazikika.