Kathiridwe ka feteleza pa dambo lolimapo mpunga ndi tirigu

Anzanga amene muli ndi dambo losauma msanga kuno ku Chipata, mukhoza kukolola kawiri pa malo amodzi: mpunga m'dzinja, tirigu wothirira kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Koma mbewu ziwirizi zimadya m'mbale imodzi, ndiye powerengera feteleza muziwerengera chaka chonse, osati mbewu iliyonse payokha.

Tiyambe ndi D compound, amene pathumba pake palembedwa 10:20:10. Nambala yapakatiyo ndi fosiforasi, chakudya cha mizu. Nthaka ikamira m'madzi, fosiforasi amene ali m'dothi amasungunuka mosavuta ndipo mpunga umamupeza. Nthaka ikauma ndi kuzizira mu Juni, amamangika, tirigu n'kumavutika. Choncho ngati matumba ndi ochepa, D wambiri apite kwa tirigu, mpunga udzadya wotsalira. Ine pa lima imodzi (gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala) ndimathira thumba lathunthu la makilogalamu 50 pofesa tirigu, ndipo pa mpunga ndimathira theka. Ambiri amachita mosemphanitsa chifukwa mpunga ndi umene umabweretsa ndalama, koma akutaya feteleza pamene sakufunika kwambiri.

Urea ndiye wofuna chisamaliro chenicheni. Ali ndi nayitrojeni 46 peresenti, koma sakhalitsa. Mukamuwaza m'madzi akuya, wina amauluka ndi mpweya, wina amapita ndi madzi kukadyetsa munda wa mnzanu wakumunsi. Musanathire, konzani mizere yotchinga madzi, palirani udzu wonse, kenako tulutsani madzi mpaka patsale matope onyowa. Wazani urea masamba atauma mame, chifukwa timibulu tikakakamira pa tsamba lonyowa timaliwotcha. Madzi mubwezeremo pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mutseke potulukira.

Pa mpunga, theka la thumba la urea pa lima limandikwanira, ndipo ndimaligawa pawiri. Gawo loyamba ndimathira patapita milungu iwiri kapena itatu chiwokereni, pamene mpunga wayamba kuphukira ana. Lachiwiri ndimathira ngala ikamayamba kupangika m'kati mwa phesi. Kuti mudziwe nthawiyi, zulani phesi lalikulu limodzi, muling'ambe ndi lezala m'litali. Mukaona kanthu koyera ngati thonje pamwamba pa mfundo yomaliza, thirani osachedwa, chifukwa apa m'pamene mpunga umasankha kuchuluka kwa njere zake. Ngala zikatuluka kale, urea wachedwa.

Amene mumalima mpunga wa Supa kapena Kilombero musachulukitse urea. Mitundu iyi ndi yaitali, ndipo ikadya urea wambiri imabiriwira mokongola, kenako imagwa pansi ndi mphepo ya mu Malichi, njere n'kuwolera m'madzi. Mbali ya munda imene masamba ake ali obiriwira kwambiri ndimangoidumpha.

Tsono nkhani imene imandipweteka mtima chaka ndi chaka ndi utsi wa mapesi a mpunga mu Meyi. Potaziyamu wambiri amene mpunga unatenga m'nthaka amatsalira m'mapesi, osati m'njere. Mukawawotcha pamulu pamene munapunthira, phulusa lonse limaunjikana pamalo amodzi, ndipo nayitrojeni ndi salifa zimapita ndi utsi. Komanso musawakwirire aawisi lero n'kufesa tirigu mawa. Tizilombo towoletsa mapesi timayamba talanda nayitrojeni wa m'nthaka, tirigu n'kumera wachikasu. Chabwino n'kuwaunjika pambali mosinthanitsa ndi ndowe za ng'ombe, kuwathirira madzi, n'kuwatembenuza nthawi ndi nthawi. Manyowawo adzakhala atapsa pokonza munda wa mpunga mu Novembala.

Tirigu safuna dothi limene mpunga wasiya. Kupondaponda matope kumaumitsa pansi, mizu n'kulephera kulowa. Tipulani mozama, phwanyani zibuma, ndipo kumbani ngalande kuti madzi asadikhe. Urea woyamba athiridwe patapita masiku ngati 21 chifesereni, pamene mizu yatsopano ikutuluka m'munsi mwa phesi, ndipo muthirire tsiku lomwelo. Wachiwiri athiridwe mfundo yoyamba ikayamba kumveka pa phesi. Tirigu amadya urea kuposa mpunga, kotero thumba lathunthu pa lima si lochuluka ngati madzi othirira alipo okwanira. Ngati madzi akukayikitsa, musataye urea wanu. Dzalani nyemba kapena khobwe, zimene zimasiya chonde. Kwa abale athu a ku Chama ndi m'chigwa cha Luangwa, kumene kumatentha msanga, khobwe ndiye woyenera kuposa tirigu.

Mukaona mpunga wokwinimbira, masamba apansi ali ndi madontho ofiirira ngati dzimbiri ngakhale munathira zonse, musawonjezere urea. Kawirikawiri ndi kusowa kwa zinki kapena kuchuluka kwa ayironi m'madzi osayenda. Tulutsani madzi masiku angapo kuti nthaka ipume, ndipo funsani alangizi a zaulimi akuthandizeni kutumiza dothi ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi, kuti akaliyeze.