Mbira zatsopano zikukuthawani? Umu ndi mmene ndinazizoloweretsera zanga

Mukangofika nazo mbira pakhomo musaganize kuti zizikuthamangirani ngati kagalu ayi. Zibisala basi, ndipo sikuti zakuda nanu. Makolo a tinyamati anachokera kumapiri a Andes ku South America, ndipo kwa kanyama kodyedwa ngati aka chilichonse chotsika kuchokera kumwamba ndi imfa. Ndiye dzanja lanulo likamatsikira mkhola, kwa izo ndi kabawi ameneyo.

Choyamba, gulani ziwiri osati imodzi. Mbira imakhala pagulu, ikakhala yokha mantha amachita kuwirikiza. Koma muyang'ane nokha kunsi kwake ngati ili yaimuna kapena yaikazi, ogulitsa ena amangoti "zonse zazikazi izi" pomwe sanayang'ane n'komwe, ndiye poti bere la mbira ndi masiku 59 mpaka 72 okha, miyezi itatu isanathe mupeza khola ladzaza. Muonenso pakhungu, ngati pali pothothoka ubweya kapena ikungodzikanda, isiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo, ndalama yomwe mwapulumutsayo mukaisiya kwa dokotala wa ziweto.

Masiku atatu kapena anayi oyambirira musazigwire olo pang'ono. Ikani udzu wouma wambiri, madzi, ndi pobisala. Tinyumba tapulasitiki todula tija musavutike nato, katoni ya nsapato imakwana, bola muboole makomo awiri kuti ina ikalowa inzake izitha kutulukira kwina. Timawilo tothamangiramo ndi timipira tolowamo tija ndi ta hamster, kanyama kena kakang'ono kokhala ngati mbewa, mbira timaipweteka msana, wina asakunamizeni.

Kenako muzikhala pansi pambali pa khola, pansi penipeni osati chiimire, n'kumayankhula chilichonse motsitsa mawu. Ine ndinkangowerenga mauthenga a pafoni mokweza pang'ono, anthu m'nyumba ankati mutu wasokonekera. Chakudya muzibweretsa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Pakatha sabata mudzamva kulira kwa "wiii wiii" jumbo ikangochita phokoso, apo ndiye zayamba kudziwa kuti inu ndi chakudya ndi amodzi.

Apa yambani kudyetsa ndi dzanja. Kachidutswa kakatali ka gilini pepa ndi kabwino chifukwa mbira, ngati ife anthu, thupi lake silipanga lokha vitamini C. Dzanja likhale pansi, lisagwedezeke. Ibwera itatalikitsa khosi, kutsomphola, thawa. Mawa chimodzimodzi. Tsiku lina idzadyera pomwepo. Anyezi ndi masamba a mbatatesi musayerekeze.

Tsopano kunyamula, pomwe ine ndinalakwitsa. Mwa mbira zanga ziwiri, yaing'ono itangodya m'dzanja mwanga kawiri ndinati basi tagwirizana. Ndinavundukula katoni yomwe inabisalamo, ndikuithamangitsa ndi dzanja kuzungulira khola lonse mpaka ndinaipanikizira pakona, ndikuigwira chapamsana. Inangoti zii m'manja mwanga, osagwedezeka, maso tong'o, ine n'kumati eee koma yafatsa bwanji. Kumeneko sikunali kufatsa, mbira ikaopa kwambiri imauma gwa ngati yafa. Nditangoimirira inadumpha, mwayi inagwera pakhushoni ya mpando, ikanagwera pasimenti bwenzi tikunena zina chifukwa mafupa ake ndi osalimba ndipo siidziwa kuyeza kutalika kwa pomwe ili. Kuchokera tsikulo inatha masabata atatu osatuluka ndikakhala pafupi, gilini pepa yemwe ija ankangofota pomwe ndamusiya, ndipo ndikayandikitsa dzanja inkakukuta mano, kumene ndi kuchenjeza kuti ndisiye. Choipa kwambiri chinali kuchotsa katoni ija, ndinaiphunzitsa kuti ngakhale kobisala kwake sikotetezeka.

Ndinachita kuyambiranso pachiyambi, ndipo njira yomwe inathandiza ndi iyi. Pezani kathumba kansalu yokhuthala kapena chipewa chakale chaubweya, chiikeni mkhola masiku angapo chizolowereke. Ikalowamo yokha, tsekani kukamwa kwa kathumbako kapena chipewacho ndi dzanja ndikunyamula zonse pamodzi. Palibe kuthamangitsana. Mukadzayamba kunyamula ndi manja, bwerani chakutsogolo ikukuonani, dzanja limodzi pansi pa chifuwa lina ligwirize kumatako, ndikuigunditsa pachifuwa panu. Ndipo mukhale pansi, ndabwerezanso dala.

Zotsalazo ndi zosavuta. Thawulo pamiyendo, kamasamba m'manja, mphindi 5 poyamba, kenako 10 kapena 15, osapitirira chifukwa imakodza pafupipafupi, ikayamba kutekeseka kapena kukoka malaya anu ndi mano ibwezeni msanga. Sisitani pamutu ndi kuseri kwa makutu, kumatako ndi kumimba zambiri sizifuna. Ana azigwira muli pomwepo. Mukaona ikudumphadumpha mkhola ngati yalumidwa ndi chinachake musadandaule, ndi chisangalalo chimenecho. Koma yomwe yasiyiratu kudya, ngakhale tsiku lisanathe, amenewo si manyazi, thamangani nayo kwa dokotala wa ziweto.

Yaikuluyo inazolowera m'masabata awiri. Yaing'ono ija mpaka lero ikaona dzanja imayamba yathawa kaye, koma ikafika pathawulo imatambasula timiyendo n'kugona.