Kugwiritsa ntchito mausi pouluka ndi VR osayiona

Tsiku loyamba kuvala headset ya Quest 2 (chipangizo cha VR chovala kumaso, chomwe chimakuonetsani ngati muli m'kati mwa masewera apakompyuta) kunyumba kwanga ku Matawale, ndinapezeka ndili m'kati mwa ndege ya Cessna 172 pa bwalo la Chileka, mabatani onse ali pamaso panga ngati ndingawagwire. Nditatambasula dzanja kufuna mausi, ndinakankha kapu ya tiyi. Vuto la VR ndi limenelo: ndege mukuiona bwino, koma tebulo lanu ndi manja anu simukuziona. Choncho luso lonse lagona pa kuzolowetsa dzanja, ndipo ndikufuna ndikuuzeni momwe ndimachitira m'masewera oulutsa ndege a Microsoft Flight Simulator, omwe anayamba kulola VR mu Disembala 2020.

Yambani ndi tebulo. Mausi ikhale ndi malo amodzi osasintha. Ine ndinamata kathabwa kakang'ono m'mphepete mwa mphasa yake, moti dzanja likachoka pa joystick (ndodo yowongolera ndege) limagunda kathabwako n'kupeza mausi pomwepo. Joystick ndimagwira ndi dzanja lamanzere, mausi lamanja, monga woyendetsa Cessna weniweni amene amakhala mpando wakumanzere.

Musanavale headset, lowani ku General Options, kenako Accessibility, mupeze Cockpit Interaction System. Pali njira ziwiri, Lock ndi Legacy. Pa Lock, mumaloza batani, kudina kumanzere osasiya, n'kukoka mausi kuti lipotoloke. Pa Legacy, kamuvi kamasintha maonekedwe mukafika m'mbali mwa batani, ndipo mumadina mbali yomwe mukufuna. Kwa ine Lock ndi yabwino mu VR, chifukwa ndege ikamagwedezeka ndi mphepo batani silikupulumukani mukaligwira. Mukalowa VR ndi Ctrl ndi Tab, khalani mowongoka, dinani Space kuti mpando ukhale pakati.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amatopa. Kamuvi ka mausi kamakwera pa chinthu chomwe kaloza, ndiye nthawi zina kamaoneka kawiri. Musalimbane nako. Weramirani kutsogolo ngati mukuwerenga mita ya madzi, imitsani mutu, tsinzinani diso limodzi ngati kuli kofunika, kenako sunthani dzanja lokha. Mutu ndi dzanja zikamayenda limodzi, mudina batani loyandikana nalo.

Mabatani opotokola, gwiritsani kagudumu ka pakati pa mausi. Kugudubuza kamodzi pa batani la HDG (loikira mbali yomwe ndege ilowere) ndi digiri imodzi. Kuchoka pa Chileka kubwera kuno ku Zomba ndimaika cha m'ma 050, ndipo ndimachita zimenezi ndege isananyamuke. Altimeter (mita yosonyeza kukwera kwa ndege) nayonso ndimaikonzera pansi: ndimagudubuza mpaka isonyeze kutalika kwa bwalo, mapazi pafupifupi 2,550. Musaipeputse ntchito imeneyi, chifukwa phiri la Zomba limapitirira mamita 2,000 (mapazi oposa 6,500), ndipo mitambo ikalikuta mudalira nambala imeneyo basi. Ine ndimakwera mpaka mapazi 8,000 ndisanayandikire.

Pali zina zomwe sindikhudzanso ndi mausi ngakhale pang'ono. Tsiku lina ndili pamwamba pa Namadzi, Nyanja ya Chilwa ikuoneka patali, ndinafuna kuchepetsa mphamvu ya injini. Throttle (ya mphamvu ya injini) ndi yakuda, mixture (yosakaniza mafuta ndi mpweya) ndi yofiira, ndipo zili moyandikana. Ndege inadumpha pang'ono, kamuvi kanatsetsereka, ndinakoka yofiira mpaka kumapeto. Injini inangoti zii. Mtima unagunda ngati ndi zenizeni, manja thukuta lokhalokha. Kuyambira pamenepo throttle, mixture, ma flaps (zotsitsa kumbuyo kwa mapiko) ndi trim (yokhazikitsa mphuno ya ndege) ndinaziika pa joystick. Mausi ndinaisiyira zinthu zosathamangitsa: wailesi, magetsi, altimeter, HDG ndi maswitchi oyatsira ndege.

Kamuvi kakasowa, nthawi zambiri n'chifukwa chakuti mwadina kunja kwa windo ya masewerawa pa kompyuta. Kwezani headset pang'ono, dinani pa windoyo, kabwerera. Kakamathamanga kwambiri, tsitsani liwiro la mausi mu Windows. Mabatani a G1000 (masikirini a kutsogolo kwa woyendetsa) ndi ang'onoang'ono, amafuna dzanja lofatsa.

Mlungu woyamba musauluke n'komwe ngati mungapirire. Imikani ndege pa Chileka injini itazima, muiyatse ndi mausi yokha, muizimitse, mubwerezenso kasanu. Mphwanga wa zaka 14 anachita zimenezi masiku atatu, ndipo Loweruka lapitali anasintha wailesi akuzungulira pamwamba pa damu la Mulunguzi, dzanja lake litapita lokha pa mausi osafufuza.