Kugula fulati pakati pa Johannesburg: yambani mwaona mabuku a ndalama, khitchini pambuyo

Mafulati a ku Hillbrow, Berea, Joubert Park ndi Marshalltown ndi otsika mtengo, moti munthu amene watha zaka zingapo akugwira ntchito ku Joni amayamba kuwerengetsera kuti ndalama ya lendi imene amapereka mwezi ndi mwezi bwenzi akulipirira malo akeake. Kuwerengetserako n'koona. Koma mtengo sutsika chabe, ndipo chimene chautsitsa simungachione m'chipinda chopentedwa kumene chimene ejenti akukuonetsani. Chimakhala m'mabuku a ndalama a nyumba yonseyo.

Mafulati ambiri ku South Africa amagulitsidwa pansi pa lamulo la Sectional Titles Act la 1986. Chanu chenicheni ndi mkati mwa fulati, kukafika pakati pa khoma, pansi ndi denga. Masitepe, chikepe, makonde, mapaipi akuluakulu, thanki ya madzi ya padenga ndi malo amene nyumba yaimapo ndi za eni mafulati onse pamodzi. Tsiku limene dzina lanu lalowa m'kaundula wa ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa eni nyumba ndi malo, mumakhala membala wa bungwe la eni nyumbayo, lotchedwa body corporate, mufune musafune. Bungweli limatolera kwa eni mafulati ndalama yotchedwa levy mwezi uliwonse molingana ndi kukula kwa fulati, n'kulipirira inshuwalansi ya nyumba, alonda, osesa, kukonzetsa chikepe, ndiponso m'nyumba zambiri madzi ndi magetsi amene amalowa pa mita imodzi ya nyumba yonse.

Mita imodziyo ndiyo yagwetsa nyumba zambiri m'tauni. Eni mafulati ena akasiya kulipira levy, ngongole ya kukhonsolo imakwera, ndipo a City Power, kampani ya magetsi ya mzindawu, akabwera kudzadula, amadula nyumba yonse. Inu amene simunaphonyepo mwezi mumakhala mumdima limodzi ndi amene sanalipire zaka zitatu. Magetsi akapita, mapampu okweza madzi amaima, chikepe chimaima, amene ali ndi kothawira amasamuka, olipira amacheperachepera. Nyumba zambiri zimene lero zili m'manja mwa zigawenga zotolera lendi zinadutsa njira yomweyi.

Choncho musanasaine kalikonse, pemphani kwa ejenti kapena kwa kampani yoyendetsa nyumbayo zikalata izi: malipoti a ndalama a zaka ziwiri zapitazi owunikidwa ndi oditala, bajeti ya chaka chino, mfundo za msonkhano wapachaka womaliza, malamulo a m'nyumbamo, chikalata cha inshuwalansi, ndi bilu yatsopano ya kukhonsolo ya nyumba yonse. Akayamba kukuzungulitsani kuti mapepala ali ndi uje amene wapita kumudzi, yankho mwalipeza kale.

M'malipotimo fufuzani kaye ndalama zimene eni mafulati sanalipire, muziyerekeze ndi levy ya chaka chonse. Ngati zosalipidwazo zikuyandikira theka la ndalama za chaka, nyumbayo ikudwala. Kenako onani thumba la ndalama zosungira ntchito zikuluzikulu. Kuyambira mu Okutobala 2016, pamene lamulo la Sectional Titles Schemes Management Act linayamba kugwira ntchito, bungwe lililonse liyenera kukhala ndi thumba limeneli komanso dongosolo la zaka 10 lokonzera nyumba. Ngati m'thumbamo muli ndalama zosafika 25 peresenti ya levy ya chaka chatha, bajeti yatsopano iyenera kuikamo zosachepera 15 peresenti ya levy ya chaka chatsopanocho. Thumba lopanda kanthu m'nyumba yakale ya nsanjika 15 likutanthauza kuti chikepe chikadzafa kapena denga likadzayamba kudontha, adzakulipitsani levy yapadera, imene ingakhale yaikulu kuposa levy wamba ya chaka chathunthu. Werengani mfundo za msonkhano kuti muone ngati levy yotereyi inavomerezedwa kale, chifukwa gawo lotsala kuyambira tsiku limene fulati yalowa m'dzina lanu limagwera inuyo. Ngati ilipo, lembani mu mgwirizano kuti wogulitsa aimalize yonse.

Levy yotsika kwambiri isakusangalatseni. Kawirikawiri imasonyeza kuti palibe chimene chikukonzedwa.

Njira ina yachidule yoyezera nyumba ndi kufunsa mabanki. Pali nyumba za m'tauni zimene mabanki safuna kuperekapo ngongole chifukwa anaona kale mabuku ake. Ngakhale mukugula ndi ndalama zanu m'manja, funsanibe, chifukwa tsiku limene mudzafune kugulitsa, wogula wanu adzakanidwa ngongole pa chifukwa chomwecho.

Mlendo amaloledwa kugula nyumba ku South Africa malinga ngati ali m'dzikomo movomerezeka, kapena akugula ali kwawo. Amene sakhala m'dzikomo amabwerekedwa ndalama zosaposa theka la mtengo. Amene ali ndi pemiti yogwirira ntchito angapatsidwe zochulukirapo, malinga ndi mmene banki yaonera. Mudzafunika pasipoti, pemiti, umboni wa kumene mukukhala ndi wa kumene ndalama zachokera. Msampha umene amagweramo anthu akwathu ndi wolembetsa fulati m'dzina la mnzawo kapena chibwenzi chimene chili ndi chitupa cha m'dzikomo. Boma limadziwa amene walembedwa ku Deeds Office basi. Mukadzayambana, kapena iye akadzamwalira abale ake n'kubwera, kudzatsimikizira khoti kuti ndalama zinali zanu ndi mlandu wautali komanso wodula.

Chikalata chotchedwa offer to purchase si chongosonyeza chidwi ayi. Mukasaina inu ndi wogulitsa, mgwirizano wamangika. Mwayi wosintha maganizo pasanathe masiku 5 ulipo pokhapokha ngati mtengo sukuposa R250,000. Ngati mukudalira ngongole ya banki, mawu akuti mgwirizano ugwira ntchito banki ikavomera alembedwemo, ndi tsiku lake. Ejenti akuonetseni Fidelity Fund Certificate yake yosatha ntchito, chikalata chomuloleza kugwira ntchito ya uejenti, komanso fomu imene wogulitsa walembapo zolakwika zonse zimene akuzidziwa pa fulatiyo. Lamulo la Property Practitioners Act limafuna zonse ziwiri. Dipoziti ipite ku akaunti yosungira ndalama za makasitomala ya loya wosamutsa umwini, osati m'manja mwa wogulitsa kapena dobadoba amene akuti ndi kalitaka wa nyumbayo. Nambala ya akaunti ikabwera pa imelo, imbani ku ofesi ya loyayo muitsimikize ndi pakamwa, pakuti akuba amalowerera maimelo n'kusintha manambala.

Loya amasankhidwa kawirikawiri ndi wogulitsa koma womulipira ndinu, ndipo ngati pali ngongole ya banki pamakhalanso loya wina wolembetsa ngongoleyo. Msonkho wosamutsira umwini sulipidwa pa nyumba yosaposa R1,210,000 kuyambira mu Epulo 2025, kotero mafulati ambiri a m'tauni suwakhudza. Umwini usanasamutsidwe payenera kutuluka chikalata cha body corporate chosonyeza kuti levy yalipidwa, china cha kukhonsolo, ndi setifiketi yotsimikizira kuti mawaya a magetsi ali bwino. Zonse zikayenda, zimatenga miyezi iwiri kapena itatu.

Ngati mufulatimo muli munthu, dziwani kuti ndani ndipo ali ndi pepala lanji. Mgwirizano wa lendi umapitirira ngakhale mwini nyumba asinthe, ndipo amene akukana kutuluka simungamutulutse nokha. Lamulo la PIE la 1998 limafuna chigamulo cha khoti, ndipo miyezi imatha inu mukulipira banki ndi levy muli panja. Lembani kuti mulandira fulati yopanda munthu.

Tsopano pitani mukaone nyumbayo panokha, popanda ejenti, kawiri: Lachisanu usiku komanso m'mamawa cha m'ma 5 koloko pamene mateksi ayamba kuimba mabelu. Fulati yoyang'ana msewu waukulu kapena yoyandikana ndi renki ya Noord kapena ya Bree sigona. Nsanjika za m'munsi zimalandira phokoso ndi fungo la zinyalala. Za pamwamba zili phee koma ndi zoyamba kuuma madzi, ndipo chikepe chikafa mudzakwera ndi chigubu pamutu. Funsani ngati mapampu ali ndi jenereta. Mawindo oyang'ana kumpoto amalandira dzuwa m'nyengo yozizira, ndipo aliyense amene anagonapo ku Joni mu Juni akudziwa kufunika kwake. Malo oimika galimoto asangonenedwa pakamwa. Aoneke pa pulani kapena m'malamulo kuti ndi a fulati yanu.

Tsikani wapansi kudzera pa masitepe othawira moto, kuchokera pamwamba mpaka kunja. Onani ngati zitseko zake zimatseguka, ngati sanaunjikemo matilesi ndi mafiriji akufa, ndipo werengani deti pa zozimitsira moto. Pa 31 Ogasiti 2023 moto wa m'nyumba ya Usindiso pa Albert Street ku Marshalltown unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi, ndipo ambiri anatsekeredwa ndi mageti okhoma ndi zipinda zogawa ndi matabwa. Imeneyo inali nyumba yolandidwa, osati ya mafulati ogulitsa, koma zizindikiro zake zimayamba kuoneka m'nyumba yovomerezeka pang'onopang'ono: fulati imodzi yogawidwa ndi makatani kuti mugone mabanja atatu, mawaya odutsa pawindo, mlonda amene safunsa aliyense kumene akupita.

Mukalowa, lipirani levy ngakhale mutakwiya ndi matrasti, anthu osankhidwa kuti aziyendetsa bungwe la eni nyumba. Kuigwira kumangokuonjezerani chiwongoladzanja, ndipo nthawi zina kumakulandani voti pamsonkhano. Madandaulo amapita ku ofesi ya Community Schemes Ombud Service, imene kandalama kake kosaposa R40 pamwezi mumakhala mukulipira kale pa bilu ya levy. Inshuwalansi ya bungwe imateteza nyumba yokha, katundu wanu wa m'kati mumufunire yake. Msonkhano wapachaka musauphonye, chifukwa ndi kumene amavomereza bajeti ndi kusankha matrasti, ndipo ngati mwabwera kumudzi pa tchuthi, siyani kalata yosainidwa yopatsa munthu wina mphamvu yokuvoterani.