Atorvastatin: kagwiritsidwe nchito ka mankhwala otsitsa mafuta m'magazi

Atorvastatin amacepetsa cholesterol yoipa ya LDL ndi mafuta a triglyceride poletsa ciwindi kupanga cholesterol yambiri. Kampani ya Pfizer inayamba kumugulitsa ndi dzina la Lipitor. Cilolezo cake copanga yokha cinatha ku America mu 2011, ndipo tsopano makampani ambiri, makamaka a ku India, amapanga mapilisi omwewo pa mtengo wotsika. Dzina la pa bokosi ndi mtundu wa pilisi zingasiyane, koma mphamvu ndi imodzi. Onani kuti palembedwa "atorvastatin" ndi mamiligalamu amene dokotala analemba, ndipo gulani ku famasi yolembetsedwa ndi ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ku Zambia, osati pamsika.

Mapilisi alipo a 10, 20, 40 ndi 80 mg. Imwani kamodzi patsiku, nthawi yofanana, mutadya kapena musanadye. Mukaiwala ndipo papita maola oposa 12, siyani pilisi limenelo, mudzamwe la tsiku lotsatira. Musamwe awiri. Dokotala amapimanso magazi pakapita masabata 4 kapena kuposerapo asanasinthe mlingo. Cholesterol siipweteka, ndiye ambiri amaleka msanga poganiza kuti acira, mafuta n'kukweranso.

Vuto lalikulu limabwera atorvastatin akasakanizidwa ndi mankhwala ena. Ma ARV okhala ndi ritonavir (lopinavir kapena atazanavir), mankhwala opha tizilombo a clarithromycin ndi erythromycin, komanso itraconazole wa matenda a mafangasi, amacedwetsa ciwindi kucotsa atorvastatin, motero amacuruka m'thupi n'kuononga minofu. Gemfibrozil, mankhwala ena otsitsa mafuta, nayenso amawonjezera ngozi imeneyi. Rifampicin wa TB angacepetse mphamvu yake. Ma ARV a TLD, amene anthu ambiri amamwa, sasokonezana ndi atorvastatin kwenikweni, komabe uzani dokotala zonse zimene mukumwa, ngakhale zacikuda. Pewani kumwa juwisi wa grapefruit wambiri.

Minofu ikayamba kuwawa kapena kufooka popanda cifukwa, makamaka mkodzo ukada ngati tiyi, lekani kumwa ndipo pitani kucipatala tsiku lomwelo, cifukwa impso zingaonongeke. Citani cimodzimodzi maso akakhala acikasu.

Amayi apakati, oyamwitsa ndi odwala ciwindi asamwe mankhwalawa. Mowa umakweza triglyceride ndi kulemetsa ciwindi. Triglyceride ikakwera kwambiri, kufika ca pa 10 mmol/L, kapamba angatupe, ndipo pamenepo dokotala angalembe fenofibrate, mankhwala otsitsa triglyceride.

Sungani mapilisi m'paketi yake, pouma, kutali ndi dzuwa ndi ana.